Makina Ophunzitsa Thupi: Kodi Amachiza Mpaka Pati?

Nkhani ya makina ophunzitsa ubongo inayamba ndi amphaka anjala. M'zaka za m'ma 1960, Barry Sterman, katswiri wa za tulo pa yunivesite ya UCLA mumzinda wa Los Angeles, ankalumikiza timawaya kumitu ya amphaka kuti aone zomwe ubongo wawo ukuchita. Anazindikira kuti mphaka akangoti duu, maso ali tong'o, thupi osaligwedeza, ubongo wake umatulutsa mafunde a mtundu wakewake, ogunda maulendo 12 mpaka 15 pa sekondi imodzi. Ndiye anakonza zoti mafundewo akangooneka, m'kambale mugwe timadontho ta mkaka wosakaniza ndi msuzi wa nkhuku. Sipanapite nthawi, amphaka aja anaphunzira kutulutsa mafundewo mwakufuna kwawo.

Kenaka boma la America linamupatsa ntchito ina yosiyana kotheratu: kufufuza kuopsa kwa mafuta a maroketi otchedwa monomethylhydrazine, omwe akalowa m'thupi amakomola munthu n'kumuphuphitsa ngati wakhunyu. Amphaka anabayidwa mafutawo, ndipo ambiri anayamba kuphupha pasanathe nthawi yaitali. Koma panali ena omwe anapirira, ena mpaka osaphupha n'komwe. Atabwerera m'mabuku ake, Sterman anapeza kuti opirirawo anali aja ophunzitsidwa ndi mkaka. N'zomvetsa chisoni tikaganizira nyamazo, koma pamenepo ndi pomwe panabadwira funso lomwe likuvutitsabe madokotala mpaka lero: ngati mphaka angaphunzire kukhazika ubongo wake, nanga munthu? Mu 1972 Sterman ndi mnzake anafalitsa nkhani ya mayi wa zaka 23 wodwala khunyu yemwe kugwa kwake kunachepa ataphunzitsidwa mwa njira yomweyi.

Njira imeneyi lero imatchedwa neurofeedback, ndipo ndi nthambi ya njira ina yaikulu yotchedwa biofeedback. Maziko ake ndi osavuta kumva. M'thupi mwathu mumachitika zambiri zomwe sitizimva: minofu ya pakhosi imakungika osadziwa, zala zimazizira tikachita mantha, mtima umasintha liwiro nthawi iliyonse tikakoka mpweya. Makina amayeza chimodzi mwa zimenezi n'kuchisandutsa chinthu chooneka kapena chomveka, kaya mzere wokwera ndi kutsika pakompyuta, kaya kabelu kolira. Munthu amayesa uku ndi uku mpaka atapeza chomwe chimatsitsa mzerewo, ndipo akachipeza amachibwereza mpaka chitamulowerera. Makinawo salowetsa magetsi kapena mankhwala m'thupi. Ali ngati galasi la munthu wodzimeta yekha ndevu: limamuonetsa pomwe lumo likudutsa, koma wometa ndi mwiniwake.

Woyamba kuonetsa kuti magetsi a muubongo wa munthu angayezedwe anali dokotala wa ku Germany, Hans Berger, yemwe anajambula mafundewa mu 1924 mumzinda wa Jena n'kudikira mpaka 1929 asanauze dziko. Makina ake ndiwo kholo la EEG, chipangizo chomwe madokotala amayezera khunyu. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, Joe Kamiya wa pa yunivesite ya Chicago anaonetsa kuti anthu angathe kuphunzira kuzindikira nthawi yomwe ubongo wawo ukutulutsa mafunde a mpumulo otchedwa alpha. Mu 1963 John Basmajian, ali ku Canada, analowetsa kawaya kopyapyala m'mnofu wa munthu n'kukalumikiza ku sipika. Anthu atamva kulira kwa mnofu wawo, anaphunzira kulamula timagulu ting'onoting'ono ta ulusi wa mnofuwo, ena mpaka kumatiliza mwa kamayimbidwe. Mu 1969 ofufuza a nkhanizi anakumana ku Santa Monica, ku California, n'kukhazikitsa bungwe lawo.

Chimwemwe cha nthawi imeneyo chinapitirira muyezo. Manyuzipepala ankalemba ngati kuti posachedwa mapiritsi atha ntchito. Mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri, Neal Miller, analengeza kuti makoswe oumitsidwa thupi ndi mankhwala a curare aphunzira kukweza ndi kutsitsa kugunda kwa mtima wawo. Koma pamene iye ndi anzake anayesa kubwereza zimenezi m'zaka zotsatira, zinakanika, ndipo Miller anavomera poyera kuti zakanika. Kuyambira pamenepo ntchitoyi yakhala ikuyenda ndi mbali ziwiri, ina yotsimikizika ndi ina yongolonjeza, ndipo wodwala ayenera kudziwa mbali yomwe akulipirira.

Kumene makinawa aonetsa mphamvu

Chodabwitsa n'chakuti umboni wolimba kwambiri uli pa matenda omwe anthu sakonda kuwatchula pagulu. Pali mtundu wina wa kudzimbidwa womwe suchokera ku chakudya kapena kuchepa kwa madzi. Munthu akafuna kudzithandiza, minofu ya m'mimba iyenera kukankha pamene minofu yotseka njira ya chimbudzi ikumasuka. Mwa anthu ena ziwirizi zimasemphana: akamachima, khomo lija m'malo motseguka limakungika. Munthu amatha kukhala m'chimbudzi theka la ola, thukuta kamukamu, osaphula kanthu, ndipo mankhwala ofewetsa chimbudzi amangomutupitsa mimba. Iye sadziwa kuti akudzitsekera yekha, chifukwa minofu ya kumeneko sitiiona ndipo sitiimva bwino.

Kuchipinda cha thandizoli wodwala amagona chammbali kapena kukhala pampando wobooka. Namwino amalowetsa kachipangizo kopyapyala ngati chala m'njira ya chimbudzi, ndipo pakompyuta pamaoneka mzere. "Tachimani, bambo," amatero namwino. Mzere uja umakwera, kusonyeza kuti khomo latsekeka. Ambiri ikakhala nthawi yoyamba amadabwa, poti m'maganizo mwawo amakhala akumasula. Ndiye phunziro limayambika: kupuma ndi mimba, kukankha pang'onopang'ono, kuyang'ana mzerewo mpaka utayamba kutsika pa nthawi yoyenera. Pamapeto pake amayeserera kutulutsa kabaluni kothiridwa madzi pang'ono.

Mu 2006 dokotala wa ku Italy, Giuseppe Chiarioni, ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza mwa odwala 109 a vuto limeneli. Theka anaphunzitsidwa ndi makina kasanu kokha, kamodzi pa sabata. Theka linalo linapatsidwa mankhwala ofewetsa chimbudzi pamodzi ndi uphungu. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu 43 mwa 54 ophunzitsidwa ananena kuti apeza bwino kwambiri, pamene kwa omwa mankhwala anali 12 okha mwa 55. Phindulo linakhalapobe patatha zaka ziwiri. Kafukufuku wa Satish Rao ku Iowa, ku America, anapezanso kuti njirayi imaposa maphunziro onamizira. N'chifukwa chake madokotala a matenda a m'mimba amaika njirayi patsogolo pa vuto limeneli. Chomwe chikuchitika pano n'choonekeratu: pali mnofu womwe ukulakwitsa, pali chipangizo chouyeza molondola, ndipo pali luso loti munthu aphunzire.

Mutu nawonso uli m'gulu lomweli, ngakhale kuti phindu lake ndi lapakatikati. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Thomas Budzynski ndi Johann Stoyva a ku Colorado ankamata timabatani pamphumi pa anthu ovutika ndi mutu womanga ngati lamba, kuwaphunzitsa kumasula minofu ya nkhope ndi ya pakhosi. Ku Menninger Foundation, mumzinda wa Topeka ku Kansas, Elmer ndi Alyce Green ankaphunzitsa anthu a mutu waching'alang'ala kutenthetsa manja awo poyang'ana kachipangizo koyezera kutentha komatidwa pachala. Manja amatentha pamene thupi lamasuka ndipo magazi akufika momasuka kunsonga za zala. Pofika mu 2000 mabungwe a madokotala a mutu ku America anali atavomereza njirazi ngati zothandiza kuchepetsa kubwerabwera kwa ching'alang'ala. Tinene chilungamo, kuphunzira kumasula thupi popanda makina kumathandizanso mofananako, ndipo mutu wobwera mwadzidzidzi mwamphamvu, kapena wodza ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, ndi wothamangira nawo kuchipatala.

Makolo a ana okodza pogona angakonde kudziwa za kachipangizo kena kachibale ndi makinawa, komwe kanafotokozedwa mu 1938 ndi banja la akatswiri a ku America, a Mowrer. Kamamva chinyezi cha dontho loyamba n'kuliza belu, mwana n'kudzuka. Pakapita masabata angapo thupi limayamba kulumikiza kudzaza kwa chikhodzodzo ndi kudzuka. Kamathandiza ana ambiri, ndipo kamachita zomwe kukalipa ndi kuchititsa mwana manyazi pamaso pa anzake sikungachite.

Pa nkhani ya amayi odontha mkodzo pokhosomola, poseka kapena ponyamula katundu, zinthu zinatembenuka mwa njira yotikomera ife a kuno. Mu 1948 dokotala wa amayi wa ku Los Angeles, Arnold Kegel, anafalitsa njira yolimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, ndipo anali ndi kachipangizo koonetsa mayi mphamvu yomwe akufinyira. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti makina ndi ofunika kuti masewerowa agwire ntchito. Koma mu 2020 Suzanne Hagen wa ku Glasgow ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa amayi 600 a ku Britain. Theka anaphunzitsidwa masewerowa ndi makina, theka popanda makina. Patatha zaka ziwiri panalibe kusiyana. Chomwe chinathandiza chinali kuphunzitsidwa bwino ndi kulimbikira. Ndiye kuti namwino kapena wa mafizo wodziwa ntchito yake angathandize mayi wa ku Ntchisi ngati momwe angathandizidwire wa ku Glasgow. Makina angafunike kwa mayi yemwe sakutha kuupeza n'komwe mnofuwo. Koma tisasokoneze zimenezi ndi fistula. Mayi yemwe mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku pambuyo pa kubereka kovuta amakhala kuti wabooka, ndipo chofunika ndi opaleshoni, monga yomwe imachitika kumalo othandizira amayi otere pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe.

Tikafika kuubongo

Chipinda cha neurofeedback chimakopa maso. Mwana amakhala pampando wawofuwofu. Wothandiza amamupaka timafuta tomata pakati pamutu, n'kuikapo kabatani kachitsulo, tina n'kupanira kumakutu. Kutsogolo kwake kuli kanema kapena masewero a pakompyuta. Ubongo ukatulutsa mafunde omwe akufunidwa, chithunzi chimawala ndipo kanema amapitirira. Ukatulutsa osafunidwa, chithunzi chimachita mdima. Mwana sauzidwa chochita, amangouzidwa kuti ayesetse kuti kanema asazime. Zimenezi zimatenga mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri amafunika kubwera maulendo 30 kapena 40.

Ana ambiri obwera m'zipinda zotere ndi a vuto lomwe madokotala amalitcha ADHD. Kwathu kuno mwana wotere timangomuti wosamva kapena wopulupudza: sakhazikika m'kalasi, amayamba ichi n'kusiya, amalankhula asanaganize, ndipo ndodo siimusintha. Woyamba kuyesa neurofeedback pa ana otere anali Joel Lubar wa pa yunivesite ya Tennessee mu 1976, ndipo kuchokera pamenepo makolo miyandamiyanda achitira umboni kuti ana awo anasintha. Makolowo sanama. Funso n'lakuti chinawasintha n'chiyani.

Kuti ayankhe zimenezi, gulu la ofufuza, lomwe munali okhulupirira njirayi ndi oikayikira omwe, linagwirizana zochita kafukufuku mmodzi wosakondera. Linatenga ana oposa 140 a zaka 7 mpaka 10 ku Ohio ndi ku North Carolina. Onse anamatidwa mabatani, onse anakhala pamaso pa kompyuta maulendo okwana 38, onse analimbikitsidwa ndi kupatsidwa mphoto. Kusiyana kunali kumodzi, ndipo mwana, kholo ngakhale wophunzitsa sankakudziwa: kwa ana ena kompyuta inkatsatira ubongo wawo weniweni, pamene kwa ena inkatsatira mafunde a mwana wina ojambulidwa kale. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Magulu onse awiri anasintha kwambiri, ndipo anasintha mofanana. Chokhacho chomwe ochirikiza njirayi anagwirapo n'chakuti patatha chaka, ana a gulu lenileni ankafuna mankhwala ocheperapo. Ku Tübingen, ku Germany, kafukufuku wa akuluakulu a ADHD mu 2017 sanapezenso kusiyana pakati pa maphunziro enieni ndi onamizira. Chaka chomwecho Manuel Schabus wa ku Salzburg, ku Austria, anapeza zofanana mwa anthu osowa tulo: ananena kuti akugona bwinoko, koma chimodzimodzinso pamene makina ankanamizira. Kumapeto kwa 2024 akatswiri anaphatikiza kafukufuku 38 wa ADHD ndipo sanapeze phindu logwirika la njirayi.

Ine ndimaona kuti zotsatirazi zili ndi phunziro lomwe anthu amalidumpha pothamangira kunena kuti makina apambana kapena alephera. Mwana yemwe moyo wake wonse wakhala akukalipiridwa anapeza munthu wamkulu wokhala naye pansi maulendo 38, womuyamikira akakhazikika, womupatsa chochita chomwe angachikwanitse. Makolo ake anayamba kumuona ngati mwana wofuna thandizo. Zimenezo n'zamphamvu, ndipo sizifuna mawaya. Koma ngati ndi choncho, kholo lomwe likugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Manchester, lomwe lauzidwa kuti lilipire maulendo 40 pamalo ena oima paokha, liyenera kudziwa chomwe likugula. Mankhwala a ADHD ndi maphunziro a makolo a kaleredwe ka ana otere ali ndi umboni wolimba kuposa makinawa.

Sindikunena kuti khomo latsekedwa. Pa vuto la anthu omwe anaona zoopsa, monga nkhondo, kugwiriridwa kapena ngozi, n'kumangozionabe m'maloto ndi masana omwe, pali kafukufuku wopatsa chiyembekezo, ngakhale kuti wambiri ndi wa anthu ochepa. Pa matenda a kukhumudwa, Kymberly Young ndi anzake ku Tulsa, ku Oklahoma, anayesa njira ina mu 2017. Anagoneka odwala m'makina aakulu ojambulira ubongo a MRI, n'kuwauza kuti azikumbukira nthawi zosangalatsa za moyo wawo uku akuyang'ana chizindikiro cha kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala. Omwe ankaona chizindikiro cha kachigawo koyenerako anapeza bwino kuposa anzawo. Koma anali anthu 36 okha, ndipo makina a MRI ndi odula moti ngakhale m'mayiko olemera njirayi ikadali ya m'zipinda za kafukufuku.

Palinso ena omwe amabisala kumbuyo kwa dzina la biofeedback kuti adyere anthu masuku pamutu. Makina otchedwa EPFX analembetsedwa ku America ngati ochepetsa nkhawa, koma ogulitsa ankauza anthu kuti amapeza ndi kuchiza matenda ngakhale khansa, mpaka mu 2008 bungwe loona za mankhwala la FDA linaletsa kuti asalowenso m'dzikomo. Ngati munakumanapo ndi makina oti mungogwira kachitsulo m'manja, pakangotha mphindi ziwiri pepala latuluka lonena za chiwindi, impso ndi magazi anu, kenaka akuonetsani mabotolo oti mugule, dziwani kuti zimenezo si biofeedback. Thandizo lenileni limayeza chinthu chimodzi chodziwika, limakuonetsani, ndipo ntchito mumagwira ndinu.

Khunyu lathu

Popeza nkhaniyi inayambira pa khunyu, tiyenera kulankhulapo mosabisa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Limatinso anthu ofika mpaka 70 mwa 100 alionse angathe kukhala osagwa atayezedwa ndi kupatsidwa mankhwala oyenera, koma m'mayiko osauka atatu mwa anayi alionse salandira thandizo. Tonse tikuwadziwa anthu amenewa: mtsikana wa zipsera za moto m'manja, mnyamata yemwe anasiyitsidwa sukulu poopa kuti apatsira anzake, pamene khunyu silipatsirana ngakhale pokhudza malovu a wodwala. Ena analitenga atadwala malungo a muubongo ali aang'ono, ndipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ofufuza akhala akugwiritsa ntchito EEG kuona kuphupha kobisika mwa ana okomoka ndi malungo amenewa.

Neurofeedback yayesedwa makamaka mwa anthu omwe mankhwala awakanika, ndipo kafukufuku wake ndi wa timagulu tating'ono. Palibe dokotala woona yemwe angauze wodwala kuti asiye phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate chifukwa cha makina. Kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi kungabweretse kuphupha kosalekeza komwe kumapha. Chomwe wodwala khunyu wa ku Nsanje kapena ku Chipata akusowa lero ndi botolo la mapiritsi lomwe silitha pashelefu ya chipatala chapafupi, ndi achibale omwe amadziwa kumugoneka chammbali, kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, osamuika supuni m'kamwa.

Mpweya

Pali mbali imodzi ya ntchitoyi yomwe munthu angaiyambe ali pakhonde pake. Ikani zala ziwiri pamtsempha wa padzanja, pansi pa chala chachikulu, ndipo mupume modekha. Mukamvetsera bwino mupeza kuti mtima umafulumirako mukamakoka mpweya, n'kuchepetsa mukamautulutsa. Kusinthasintha kumeneku ndi chizindikiro chabwino, ndipo kumachepa mwa munthu wa nkhawa, wotopa kapena wodwala mtima. Evgeny Vaschillo wa ku Russia ndi Paul Lehrer wa ku New Jersey anaonetsa kuti kumakula kwambiri munthu akamapuma pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, m'malo mwa maulendo 12 mpaka 20 omwe wamkulu amapuma nthawi zonse. Pa liwiro limeneli kupuma kumayendera limodzi ndi timinyewa ta m'mitsempha ikuluikulu ya pakhosi ndi pachifuwa tomwe timayang'anira kuthamanga kwa magazi.

Kuchipatala amapanira kachipangizo pachala kapena pakhutu kuti apeze liwiro lenileni la munthu aliyense, poti ena limawayenera lotsikirapo, ena lokwererapo pang'ono. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti njirayi imachepetsa nkhawa ndi kupanikizika m'maganizo, ngakhale kuti siilowa m'malo mwa mapiritsi a BP, mankhwala a mphumu kapena uphungu wa kuchipatala. Popanda makina, wotchi ya pafoni ikukwanira: kokani mpweya ndi mphuno kwa masekondi anayi, mimba itukuke, n'kuutulutsa pang'onopang'ono kwa masekondi asanu ndi limodzi. Musakoke wambiri. Mukamva chizungulire ndiye kuti mukupuma mozama kwambiri, chepetsani. Masiku oyamba mphindi zisanu zimaoneka zambiri, ndipo maganizo amathawathawa. Lehrer ankauza odwala ake kuti azichita zimenezi kunyumba kwa mphindi 20, kawiri pa tsiku, kwa masabata khumi.